Fotokope ndi Ana Osowa mu Fayilo

Lachinayi, 7 Ogasiti

Ntchito yeniyeni yoyamba chilowereni muofesi muno. Miyezi yonseyi ndakhala ndikusintha mitundu ya mabatani ndi kufunsidwa ngati ketulo yawira. Lero abwana athu a Pompano andipatsa fayilo ya ku chipatala cha ana. Dzina lawo lenileni lili pachitseko, koma palibe amaliwerenga. Kwa iwo chilichonse ndi "pompano". Akuti Lachisanu la sabata yamawa mauthenga oyamba okumbutsa amayi za katemera atuluke. Lachisanu lomwelo ndi pothera miyezi yanga yoyesedwa. Sananene kuti ziwirizi zamangidwa chingwe chimodzi. Ndamva ndekha.

Fayiloyo ndi JSON. Muofesi timangoti Jesoni, ngati mlamu wa winawake. M'kati mwake ana andanda wina pambuyo pa mnzake, aliyense m'mabulaketi mwake: dzina, tsiku lobadwa, foni ya mayi, katemera amene walandira, amene watsala. Mzere wautali ngati wa kubanki kumapeto kwa mwezi. Pulogalamu yotumiza mauthenga, imene analemba mnzanga wa muofesi amene timamutcha Mahedifoni, siifuna mzere. Imafuna kabati: mwana aliyense m'dirowa mwake, padirowa chizindikiro. Chizindikirocho ndiye timati kiyi. Ntchito yanga: kuphwasula mzere, kumanga kabati.

Tsono padirowa tilembapo chiyani? Ndi manja sizingatheke, ana ndi miyandamiyanda. Khodi, malangizo amene ndilembere kompyuta, iyenera kudzipangira yokha kiyi ikafika pa mwana aliyense, kuchokera pa zimene zalembedwa za mwanayo. Mayina ayi: kalaliki wa kuchipatala amalemba dzina limodzi m'njira zitatu, malinga ndi njala yake. Nambala ya khadi ayi, ana ambiri pamenepo ndi poyera. Foni yokha ayi, mayi mmodzi amakhala ndi ana angapo. Ndinakweza dzanja ngati kusukulu. Tilumikize foni ya mayi ndi tsiku lobadwa la mwana. Foni imodzi, tsiku limodzi, mwana mmodzi.

Mahedifoni anasuntha hedifoni ya kumanzere n'kundiyang'ana. Kwa iye ndi kuwomba m'manja kumeneko. A Pompano: "Mwaona? Sekondale yokha, koma mutu wa digiri. Pangani pompano, achemwali."

Ndabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi. M'bale wanga Fotokope sanafunse n'komwe. Ndamupeza pakhomo akuluka tsitsi mayi woyandikana nafe, atavala bulauzi yanga yobiriwira. Sabata yachitatu ali muno chichokereni kwa mwamuna wake. Chikwama chimodzi, foni anaisiya komweko. Tikugawana bedi, sopo, foni yanga. Tinabadwa tsiku limodzi ndi nkhope imodzi. Iye amati fotokope ndine, ine ndimati ndi iye. Amayi akana kuweruza mlanduwu kwa zaka makumi atatu.

Loweruka, 9 Ogasiti

Khodi inatha dzulo masana. Yaifupi mochititsa manyazi. Imayenda pamzere, ikafika pa mwana imatenga foni, imatenga tsiku, imazimata pamodzi, kiyi wabadwa. Kenaka mtima wa zonse:

ana[kiyi] = mwana

Basi. Ndakhala ndikuuyang'ana mzere umenewu ngati mwana wanga woyamba. Mabulaketi aang'onowo ndi amene amauza kompyuta kuti usalembe mawu oti "kiyi", tsegula uone chimene chili m'kati mwake. Zinanditengera mwezi wathunthu kuti ndimvetse zimenezi, pa mavidiyo a munthu wolankhula ngati akuthawa mvula. Tsopano ndikuona ngati ndinabadwa ndikuzidziwa.

Kuchapa. Mphepo, fumbi, zovala zauma zisanayere.

Amayi a nyumba apatsa Fotokope moni kawiri m'mawa uno, ine sanandipatse. Kenaka andikumbutsa za renti kawiri, iye ayi. Zokoma zimapita kwa iye, zowawa zimadziwa adiresi yanga. Fotokope wawauza njira: "Muziyang'ana paphewa, amayi. Wa zipsera ziwiri ndiye wa renti." N'zoona. Ine ndili ndi zipsera ziwiri za katemera, zoyandikana ngati mabatani a shati. Iye alibe n'chimodzi chomwe. Kunyumba ankati khungu lake ndi lapamwamba, silisunga dothi. Anakula akunyadira.

Sindikukhazikika. Ndatsegula laputopu katatu popanda chifukwa.

Lolemba, 11 Ogasiti

Ana akusowa.

Palibe anandituma kuwerenga. Ndimafuna kudzitama mu lipoti: alowa ochuluka chakuti, atuluka ochuluka chomwecho. Ndauza kompyuta iwerenge mzere, iwerengenso madirowa. Sizikufanana. M'kabati mwachepa ana makumi angapo. Ndabwereza. Chimodzimodzi. Ndazimitsa, ndayatsa, ngati kuti ana anabisala m'batire.

Kompyuta sinadandaule. Palibe zofiira, palibe chenjezo. Ikalakwa mwaulemu chonchi ndi pamene imandiopsa.

Ndinadikira Mahedifoni atuluke m'nyimbo zake. Munthu ameneyu umachita kumugwedezera dzanja patsogolo ngati ukuimitsa minibasi. Wayang'ana kamodzi. "Obwerezedwa amenewo, sisi. Kalaliki analemba mwana mmodzi kawiri, khodi yako yatsuka. Uzinyadira." Hedifoni yabwerera pamalo pake.

Zomveka ndithu. Ndafuna kwambiri kuti zikhale zoona, mpaka ndalemba theka la lipoti. Ndafufuta.

Mwana amene mulibe m'kabati, mayi ake salandira uthenga. Anamwino akamufufuza pa tabuleti samupeza. Kwa chipatala sanabadwe. Ndipo amene wamumeza ndi mzere wanga wokongola uja.

A Pompano adutsa kanayi. Safunsa, amangochedwetsa phazi pafupi ndi desiki yanga n'kukhosomola. Matroni wa kuchipatala akuti waitana alendo Lachisanu, kudzakhala kudula riboni. Riboni ya uthenga wa pafoni aimanga pati, sindikudziwa.

Madzulo Fotokope wandifunsa chimene ndikuyendera uku ndi uku m'chipinda cha masitepe atatu. Ndati ndataya ana. "A ndani?" A eni ake. "Ndiye khala pansi, ukundichititsa chizungulire. Ana otayika amabwera okha njala ikawapweteka."

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Tsiku lonse kusaka m'tchire lolakwika.

Poyamba ndinaganizira masiku. Kalaliki wina amayamba ndi tsiku, wina amayamba ndi mwezi, wina akuoneka kuti amayamba ndi chimene chamufikira m'mutu. Ndawongola. Abwerera ana ochepa.

Kenaka mafoni. Amayi opanda foni kalaliki anawalembera mizere ya ziro. Ana awo onse obadwa tsiku lofanana amagwera m'dirowa imodzi, ndipo womaliza kulowa ndi amene amatsala. Apa ndaphunzira kanthu: dirowa ikakhala ndi munthu kale, khodi yanga siigogoda. Imangotaya amene ali m'katiyo n'kuika watsopano. Ngati mwamuna wa Fotokope. Amenewo ndawapatula pambali, anamwino adzawaitana pakamwa. Abwereranso ena.

Obwerezedwa a Mahedifoni aliponso, sananame. Koma ndi ochepa kuposa mmene ankaganizira.

Pofika masana mpata unachepa, osatsekeka. Ndinati tsopano ndiwatulutse osowawo mmodzimmodzi, ndione nkhope zawo. Pomwepo a Pompano: pulojekita ya m'chipinda cha misonkhano yakana, achemwali muione pompano. Maola awiri ndili chogwada pansi pa tebulo kufunafuna chingwe chimene chinali m'thumba la jekete lawo. Nditabwerera magetsi anali atapita. Jenereta ya muofesi imayatsa chipinda cha bwana ndi firiji basi. Ife a m'mbali timadikira ngati anthu a pamaliro a munthu wosamudziwa.

Ndaganiza zongokhala chete. Ana otsalawo ndi dontho m'chidebe. Palibe amene anawerenga kupatula ine. Lachisanu riboni, Lolemba kalata yondilemba ntchito, Fotokope n'kukhala muno mpaka adziwe kolowera. Maganizo amenewa ndayenda nawo kuchokera pasiteji mpaka pakhomo. Analemera ngati thumba la simenti.

Fotokope wavalanso bulauzi yobiriwira ija. Ikumukhala bwino kuposa ine, zomwe sizingatheke.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Ndinaiwala tchaja ya laputopu pabedi. Ndinaimbira amayi a nyumba kuti amuuze Fotokope abwere nayo, aisiye pageti.

Pageti sanasiye. Alonda athu atamuona anaimirira n'kutsegula. "Madamu, munatuluka nthawi yanji?" Iye, m'malo mofotokoza, akuti anangomwetulira n'kulowa. Ankafuna aone kumene ndimatayirako ana. Pamasitepe wakumana ndi a Pompano. Amufunsa ngati zonse zatheka, ngati ana onse ali m'malo, ngati Lachisanu tili okonzeka. M'bale wangayo anaphunzira m'banja mwake yankho limodzi la mafunso onse a mwamuna wokweza mawu. "Zonse zili bwino, bwana." A Pompano pomwepo foni kukhutu, kuuza matroni kuti agule riboni.

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Wangayu sindinamutume n'komwe.

Wandipatsa tchaja kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, ali m'bulauzi yobiriwira ija, akuseka mpaka misozi. Ine sindinaseke. Ndamukankhira kunja. Patapita kanthawi a Pompano adutsa pa desiki yanga, aima, ayang'ana bulauzi yanga yoyera. "Mwasintha?" Ndati kwatentha, bwana.

Masana onse msonkhano wa riboni: ndani adzaima pati, ndani adzadina batani. Laputopu yotseka pamiyendo.

Poweruka ndafika pageti, alonda andiyang'ana ngati mzukwa. "Mmesa munapita kale masana, madamu? Ndinakutsanzikani ndekha." Ndati uja ndi m'bale wanga. "Ayi, ndinu. Ine nkhope sindiiwala." Ndiye vuto lake limenelo, ndinati chamumtima. M'mutu mwanu muli dirowa imodzi ya nkhope imeneyi, ndipo womaliza kudutsa ndi amene...

Sindinamalize. Ndinaima pageti pakamwa pululu, minibasi zikundiimbira mahutala.

Ndabwerera kumwamba wothamanga. Ndawatulutsa osowawo, aliyense pambali pa amene anamulanda malo. Foni imodzi. Tsiku limodzi. Mayina awiri, ambiri oyamba ndi chilembo chofanana, monga amachitira makolo akasowa nzeru. Mapasa. Onse mapasa. Pena atatu, ndipo awiri anamezedwa.

Foni imodzi, tsiku limodzi, mwana mmodzi. Ndinanena ine, nditakweza dzanja. Ine amene m'mawa uliwonse ndimadzuka n'kuona nkhope yanga itagona pa pilo winayo.

Lachinayi, 14 Ogasiti, masana

Ndawauza. Ndinalowa a Pompano asanavule jekete.

Kukonza mbali yanga n'kosavuta: dirowa isamasunge mwana mmodzi, izisunga kamzere ka ana. Wobwera apeze mnzake, akhale pambali pake. Koma pulogalamu ya Mahedifoni imatsegula dirowa ikuyembekezera mwana mmodzi. Ikapeza awiri imaima ngati mbuzi pamsewu. Ngakhale nditawonjezera kanthu pa kiyi kuti aliyense akhale ndi dirowa yake, pulogalamu yakeyo siidzadziwa kuti kuli dirowa yachiwiri. Mulimonsemo ayenera kusintha nayenso.

Mahedifoni anavula mahedifoni onse awiri, koyamba kuona makutu ake onse nthawi imodzi. Sanakane. "Nditha, bwana, koma osati pofika mawa m'mawa popanda kuyesa. Ndikathamanga, mayi wina alandira uthenga umodzi kambirimbiri mpaka foni itenthe."

A Pompano si munthu wopusa, ndiye chovuta chake. Akuti mayi wa mapasa akalandira uthenga wa mwana mmodzi abweretsa onse awiri. Winayo amusiya ndi ndani? "Amayi si makompyuta, achemwali. Amaganiza."

Ndinali nditakonzeka. Ndawaonetsa awiri ena: woyamba sanalandire katemera wa mwezi watha, mwina ankadwala. Mnzake analandira. Mnzakeyo ndi amene analowa m'dirowa pomaliza. Kabati ikuti zonse zili bwino pakhomo pamenepo. Palibe uthenga. Anamwino akafufuza aona chizindikiro chobiriwira.

"Otero ndi angati?" Ochepa. "Ochepa tikonza mwezi wamawa. Matroni waitana anthu, galimoto za alendo zathiridwa kale mafuta. Zengerezu analinda kwawukwawu." Kenaka anatsitsa mawu. "Dzulo munandiuza nokha pamasitepe kuti zonse zili bwino. Ndiye ndikhulupirire inu wa dzulo kapena inu wa lero? Komanso kiyi ameneyu inali nzeru ya ndani?"

Ndikanati chiyani? Kuti wa dzulo sanali ine? Munthu wa miyezi yoyesedwa kunena zimenezo, kenaka kuwonjezera kuti analowetsa mlendo m'nyumba yosunga mafayilo a chipatala. Ndinangoti ya ine, bwana. Ndatuluka.

Nkhomaliro sinalowe. Ndayenda kuzungulira bwalo la magalimoto mpaka alonda andifunsa ngati ndataya ndolo.

Lachinayi lomwelo, madzulo

Ndikusamba ndinayang'ana paphewa. Zipsera ziwiri. Zaka zonsezi sindinafunsepo.

Ndaimbira amayi, foni pa sipika, Fotokope akusenda mbatata pambali. Amayi anayamba ndi kuseka, ngati ndawakumbutsa nthabwala yakale. "Ee, zimenezo! Tsiku loyamba ndinapita ndi mmodzi, mnzake anali ndi chimfine. Sabata inayo ndinanyamula wotsalayo. Ndikubwerera kunyumba azakhali anu akuti, mlamu, uyu si yemwe uja? Kuvula kamalaya, ndi yemweyo! Ndiye ndikanatani, ndipitenso kachitatu anamwino akandiseke? Makhadi onse awiri anali atadindidwa kale. Mmesa muli moyo nonse, ana inu?"

Fotokope anaseka nawo. Anaseka kwambiri. "Ndiye khungu lapamwamba lija linali bodza, amayi?" Amayi akuti mayunitsi akutha, ngakhale woimba ndinali ine.

Foni itaduka anapitiriza kusenda mbatata imodzi yomweyo mpaka inatsala ngati chala.

Tili ku pulayimale anadwala chifuwa chaka chathunthu. Ine ndinkapita kusukulu, iye n'kutsala pamphasa. Anabwereza kalasi, kenaka anabwerezanso, kenaka anatopa kukhala kumbuyo kwa nkhope yake yomwe. Ine sekondale, iye salon, kenaka mwamuna uja. Sindine dokotala. Mwina sizikukhudzana n'komwe. Ndabwereza mawu amenewa kangapo, sakukhazikika.

Anandifunsa osadzutsa mutu: "Ana ako otayika aja, ndi zangati zimenezi?" Ndamufotokozera za kabati, za dirowa, za womaliza kulowa. Wamva msanga kuposa a Pompano. "Ndiye bwana wakoyo akuti mayi sangasokoneze?" Eya. "Mawa undidzutse, tipitira limodzi kwa bwana wakoyo. Undibwereke nsapato zakuda zija."

Ndamuuza kuti akhoza kundichotsetsa ntchito. Akuti akudziwa, ndipo renti akudziwanso kuti imachokera kuti. Palibe amene anati tisapite.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Alonda anatiyang'ana, anayang'ana kumwamba, anatsegula geti lonse ngati kukulowa lole.

A Pompano tinawapeza akumanga tayi pagalasi la kabati. Anatiwona m'galasimo. Anatembenuka pang'onopang'ono, koyamba m'moyo wawo kuchita chinthu mosafulumira. "Ndi ndani mwa inu amene ndimamulipira?"

Ndinali ndi mawu okonzeka usiku wonse. Fotokope sanandipatse mpata. "Bwana, amene anakuuzani pamasitepe kuti zonse zili bwino ndine. Kompyuta sindidziwa ndi poyatsira pomwe. Inu ndi tayi yanu munalephera kutisiyanitsa masana dzuwa likuswa mtengo. Ndiye mayi wosagona, wa ana awiri olira?" Anapinda mkono wa bulauzi. Anandigunda ndi chigongono, nanenso ndinapinda. "Uyu anabayidwa kawiri. Ine ziro. Makhadi onse anali obiriwira ngati kabati yanuyo. Amayi athu si opusa, amaganiza ndithu."

Mahedifoni anali pakhomo ndi kapu ya tiyi, pakamwa potsegula. Ndikukhulupirira kuti nyimbo zinali zikuyimbabe m'khosi mwake.

A Pompano anayang'ana mapewa athu nthawi yaitali. Anamasula tayi. Anatenga foni, anaiika pansi, anaitenganso. Kwa matroni analankhula ndi mawu a munthu amene wameza munga wa nsomba. Zimene ankayankhidwa tinkazimva tili patali, ndipo sizinali za m'Baibulo. Riboni adula lero lomwe poti alendo ali kale panjira, koma batani limene adine silitumiza kanthu. Mauthenga enieni atuluka Lachiwiri.

Munthu amene amati pompano wanena kuti Lachiwiri. Ndilembe penapake.

Kenaka anandiuza nditsale ndekha. Miyezi yanga yoyesedwa awonjezera umodzi. Zifukwa ziwiri: kiyi anali wanga, mlendo anali wanga. Kalata imene ndimayembekezera ili m'dirowa mwawo, ndinaiona m'mphepete, yosasainidwa. Ndathokoza. Munthu amathokoza ngakhale pomuponda, nsapato ikakhala ya bwana.

Potuluka ndapeza Fotokope ali pabenchi ya alonda akuwauza kuti iwo akalamba maso. Akuti amupezera makasitomala awiri, akazi awo ndi mlamu wawo.

Lamlungu, 17 Ogasiti

Dzulo tsiku lonse muofesi ndi Mahedifoni, awiriwiri, mawindo otsegula. Wopanda mahedifoni ndi munthu ndithu. Ali ndi mwana wa miyezi isanu, sindinkadziwa. Akuti usiku wa Lachinayi anakayang'ana khadi la mwanayo kawiri.

Mzere wanga wokongola ndaufufuta. M'malo mwake muli itatu yosakongola: ukafika padirowa, yamba waona ngati ilipo. Ngati palibe, ipange, uikemo kamzere kopanda munthu. Kenaka mwana akhale kumapeto kwa kamzereko, osakankha aliyense. Kiyi ndi yemwe uja, foni ndi tsiku. Kiyi sanali wolakwa kwenikweni. Cholakwika chinali kuganiza kuti kuseri kwa chitseko chilichonse kuli munthu mmodzi.

Poyesa pamafunika ana abodza. Ndinalemba awiri pa foni yanga, tsiku lobadwa lathu koma chaka chino: Orijino, ndiye kuti weniweniyo, ndi Fotokope. Orijino walandira zonse, Fotokope sanalandire kanthu. Ndinayamba ndayesa pa khodi yakale, kungofuna kuona. Ndikaika Orijino pomaliza, Fotokope kulibe, kabati yobiriwira. Pa khodi yatsopano onse awiri ali m'dirowa imodzi, phewa ndi phewa. Tawerenga mzere, tawerenga ana a m'kabati, tachotsera obwerezedwa ndi opanda foni. Zafanana. Ndawerenganso. Mahedifoni akuti ndikapitiriza ana atopa.

Lero kunyumba zii. Amayi aimba kawiri, Fotokope wati ndinene kuti akusamba. Kawiri konse. Mwamuna wake nayenso watumiza uthenga pa foni yanga, woyamba ndi "mlamu" n'kuthera "darling", osadziwa kuti akulembera ndani. Ndamuwerengera. Akuti ndimuyankhe kuti onse awiri kulibe.

Masana ndamuona ataima pagalasi, mkono wa diresi atapinda, akusisita paphewa posalala paja. Atandiona ananamizira kukanda.

Mwezi wina woyesedwa. Amayi a nyumba sayesa munthu, amangogogoda.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Atuluka. Mahedifoni anadina batani popanda riboni, popanda alendo, tiyi ali m'dzanja linalo. A Pompano anaima kumbuyo kwathu akupuma ngati athamanga. Palibe chinaphulika. Masana matroni waimba: kwabwera kale mayi wa mapasa ndi foni m'manja, akufunsa kuti chipatala chadziwa bwanji kuti wamng'onoyo anatsala mwezi watha. Matroni sanathokoze. Wangoti mawa tikulitse zilembo, amayi ena maso ndi ovuta. A Pompano: "Achemwali, pompano." Dziko labwerera m'malo mwake.

Foni ndinaisiya kunyumba, Fotokope amadikira kasitomala. Ndamupeza atakhala pabedi, nsapato zanga zakuda kumapazi, foni pamiyendo. Sanandipatse moni. Wangonditambasulira.

Uthenga wochokera kuchipatala. "Mayi, mwana wanu Fotokope sanalandire katemera wake. Chonde bwerani naye Lachitatu m'mawa." Za Orijino palibe, iye zake zinatha kalekale.

Ana abodza aja. Ndinaiwala kuwachotsa. Kapena sindinaiwale, sindikudziwa.

Ndinayamba kufotokoza kuti ndi zoyesera chabe, mawa ndikafufuta. Anandilanda foni. "Usafufute. Aka n'koyamba kuti munthu andiitane ine ndekha, osati ana inu." Anawerenganso, milomo ikuyenda. "Achedwa zaka makumi atatu, koma aulemu. Alemba chonde."

Ndamuuza kuti sabaya anthu aakulu ngati iye, akamuseka. Akuti akudziwa. Akuti sakupita kukabayidwa. Akungofuna akakhale pabenchi amve dzina likuitanidwa, ayankhe yekha.

Kenaka watumiza uthengawo kwa amayi, osawonjezerapo liwu.

Foni ikulira tsopano. Ndi amayi. Ili pakati pa bedi, tonse tikuiyang'ana. Fotokope akuti ndiyankhe ine. Ndati ayi, uthenga unali wa mwana mmodzi, ndipo si ine.